Mmene mungadziwire ngati mankhwala a mphumu akukuthandizanidi

Munthu wodwala mphumu akafunsidwa kuchipatala kuti akupeza bwanji, kawirikawiri amayankha kuti aliko bwino, chifukwa m'mawa umenewo wadzuka akupuma bwinobwino ndipo waiwala kale kuti sabata yatha anadzuka kawiri pakati pa usiku akukhosomola. Yankho lotere limasokeretsa dokotala, amene amangolemba mankhwala omwe aja n'kuitana wodwala wina. Anthu ochita kafukufuku wa zachipatala sakhutira ndi mawu akuti "ndiliko bwino". Iwo amawerenga masiku amene munthu wabanika, usiku umene walephera kugona, masiku amene mwana wajomba kusukulu, ndiponso maulendo amene wathamangira kuchipatala mwadzidzidzi. Kawerengedwe kameneka mukhoza kukachita pakhomo panu ku Kawale, ku Chinsapo kapena ku Area 25, ndipo chofunika ndi kope ndi cholembera basi.

Musanayambe kuwerenga, tsimikizani kuti vutolo ndi mphumudi. Mphumu imabwera n'kupita: m'chifuwa mumalira, mumamangika, munthu amakhosomola makamaka usiku ndi m'bandakucha, kenako amakhala bwino masiku angapo. Koma chifuwa chimene chatha masabata awiri, makamaka ngati munthu akuonda, akutentha thupi kapena akutuluka thukuta usiku, chikufunika kuyezetsa makhololo kaye, pakuti chikhoza kukhala TB, ndipo ku Bwaila kapena pachipatala chaching'ono cha m'dera lanu angakuyezeni. Mwa akuluakulu, matenda a mtima komanso mapapo amene anaonongeka ndi TB yakale amabanikitsanso munthu mofanana ndi mphumu.

Mukatsimikiza, dziwani kuti mankhwala opopera mkamwa, ma inhela aja, ali mitundu iwiri yogwira ntchito zosiyana. Inhela yabuluu, ya salbutamol, imatsegula tinjira ta mpweya m'mphindi zochepa, koma mphamvu yake imatha pakapita maola angapo ndipo sichotsa kutupa kumene kuli m'kati mwa tinjirato. Inhela inayo, imene nthawi zambiri imakhala yabulawuni ndipo muli beclometasone, ndi imene imachepetsa kutupako, koma imagwira pang'onopang'ono ndipo imafuna kupopera tsiku ndi tsiku, ngakhale pamene munthu akupeza bwino. Kudalira yabuluu yokha kuli ngati kutchera beseni pamene denga likudontha, osakwera kukakonza malata. N'chifukwa chake mu 2019 bungwe la GINA, limene limalemba malangizo a chithandizo cha mphumu ogwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri, linasiya kulimbikitsa zoti achinyamata ndi akuluakulu azithandizidwa ndi salbutamol yekha. Bungwe la WHO linawerengera kuti m'chaka chomwecho anthu 262 miliyoni anali ndi mphumu ndipo 455,000 anamwalira nayo, ambiri a iwo m'maiko osauka, kumene mankhwala ochepetsa kutupa sapezeka mokwanira. Ngati m'buku lanu lakuchipatala mwangolembedwa salbutamol yekhayekha ulendo uliwonse, kapena mapiritsi a salbutamol amene amachedwa kugwira ntchito n'kumanjenjemeretsa manja, funsani mwaulemu ngati simukuyenera kulandira inhela yoteteza ija.

Alipo amene amaopa kuti munthu akayamba kupopera sadzasiyanso, kapena kuti inhela ndi ya munthu amene matenda amukulira. Mantha amenewa alibe maziko. Mankhwala opopera amapita molunjika m'mapapo pamlingo wochepa kwambiri poyerekeza ndi mapiritsi, ndipo amayi oyembekezera amalangizidwa kupitiriza kuwagwiritsa ntchito, popeza kubanika kwa mayi ndi kumene kumaika mwana pachiopsezo. Chimene kafukufuku anapezadi n'chakuti mwa ana ena amene amapopera mankhwala ochepetsa kutupa kwa zaka zambiri, msinkhu umatsalira ndi pafupifupi sentimita imodzi. Kholo lili ndi ufulu wodziwa zimenezi, koma poziyeza ndi mwana wogonekedwa m'chipatala chaka ndi chaka, ine ndikuona kuti kusankha kwake n'kosavuta.

Umboni woti zimenezi zimathekadi kuno kwathu unachokera ku chipatala cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, kumene ana 120 a zaka 6 mpaka 15 anagawidwa mwa maere m'magulu awiri. Gulu lina linapitiriza kulandira chithandizo cha masiku onse, pamene gulu linalo linaunikidwa mofatsa, linakonzeredwa mankhwala opopera, ndipo ana ndi makolo awo anaphunzitsidwa za mphumu ndi anthu amene sanali madokotala. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2021, zinaonetsa kuti patatha miyezi itatu ana a gulu lachiwirili ankabanika mocheperapo, ankajomba kusukulu mocheperapo, ndipo ochepa okha ndi amene anathamangira kuchipatala mwadzidzidzi. Panalibe mankhwala achilendo. Chinasintha ndi kagwiritsidwe ntchito ka mankhwala omwe alipo kale.

Pa kagwiritsidwe ntchito ndi pamene anthu ambiri amataya mankhwala awo. Munthu akapopera inhela mwachindunji mkamwa, amayenera kukanikiza ndi kukoka mpweya panthawi imodzimodzi, ndipo akaphonya pang'ono pokha mankhwala amathera palilime ndi pakhosi. Botolo lapulasitiki la mamililita 500 limathetsa vutoli. Dokotala wa ana Heather Zar ndi anzake ku Cape Town anaonetsa mu 1999 kuti botolo lotere, lomatidwa bwino, limagwira ntchito mofanana ndi chipangizo chogula chimene chimaikidwa pakati pa inhela ndi pakamwa, pamene kapu imene anaiyesanso sinathandize mokwanira. Tengani botolo la madzi kapena la chakumwa, mulitsuke ndi madzi a sopo, ndipo mulisiye liume lokha osalipukuta ndi nsalu, chifukwa kupukuta kumachititsa kuti mankhwala azimatirira m'mbali mwa botolo. Kunsi kwake boolani bowo lofanana ndi kukamwa kwa inhela, locheperako pang'ono kuti inhela ilowe mothina, ndipo ngati patsala mpata mumate ndi tepi. Khutchumulani inhela, muilowetse pabowolo itaimirira, wodwala alume kukamwa kwa botolo milomo itatseka bwino, kenako kanikizani kamodzi kokha ndipo apume m'botolomo kasanu kapena kasanu ndi kamodzi monga amapumira nthawi zonse. Ngati dokotala analemba kupopera kawiri, khutchumulaninso n'kubwereza zonsezi, osati kukanikiza kawiri nthawi imodzi. Mwana wamng'ono amene sangathe kutseka milomo pabotolo amafunika chophimba pamphuno ndi pakamwa, choncho pemphani anamwino akuonetseni. Mukatha kupopera yabulawuni, chukuchani mkamwa ndi madzi n'kulavula kuti musatuluke zoyera palilime kapena kusasa mawu.

Tsopano tengani kope lija. Patsamba lililonse lembani masiku a mwezi motsika, ndipo madzulo aliwonse lembani zinthu zinayi pa tsikulo: ngati munabanika kapena kukhosomola masana, ngati mphumu inakudzutsani usiku wapitawo, kuti mwapopera yabuluu kangati, ndiponso ngati pali ntchito imene yakukanikani chifukwa cha chifuwa, kaya kulima, kupalasa njinga, kukwera chitunda, kapena kwa mwana kusewera mpira ndi kupita kusukulu. Lembaninso ngati mwapopera yabulawuni m'mawa ndi madzulo, ndipo lembani zoona, chifukwa kope lonamiza limasokeretsa kuposa kusalemba kumene. Pakatha masabata anayi, dzifunseni mafunso anayi amene malangizo a GINA amagwiritsa ntchito. Kodi ndabanika masana koposa kawiri pa sabata? Kodi ndadzukapo usiku chifukwa cha mphumu, ngakhale kamodzi kokha? Kodi ndafuna yabuluu koposa kawiri pa sabata? Kodi pali ntchito imene ndalephera? Ngati mayankho onse ndi ayi, mphumu yagonja. Ngati mwavomera limodzi kapena awiri, yagonja pang'ono chabe, ndipo ngati mwavomera atatu kapena onse anayi, chithandizo chanu sichikukwanira, ngakhale lero mutadzuka bwino chotani.

Lembaninso pachikuto cha kope tsiku limene mwatsegula inhela yabuluu yatsopano. Kawirikawiri imodzi imapopera ka 200, ndipo kafukufuku wa m'maiko angapo anaonetsa kuti munthu amene amamaliza zitatu kapena kuposerapo pa chaka amakhala pachiopsezo chachikulu cha kubanika koopsa. Ngati muli ndi kachipangizo kouzira koyezera mphamvu ya mpweya, uzirani katatu m'mawa musanapopere n'kulemba nambala yaikulu pa zitatuzo. Ikatsika kufika pansi pa 80 peresenti ya nambala yanu yabwino kwambiri, chenjerani. Ikafika pansi pa theka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Kopeli limathandizanso kuzindikira zimene zimakuwengani, ndipo apa m'pofunika kudekha. Mu Lilongwe chaka chili ndi mayesero ake: chisanu cha June ndi July pamodzi ndi chimfine chimene chimabwera nacho, fumbi ndi mphepo kuyambira August, utsi wa tchire lotenthedwa ndi wa zinyalala, kenako chinyezi ndi nkhungu m'makoma nthawi ya dzinja. M'nyumba muli utsi wa mbaula, mankhwala ofukiza othamangitsa udzudzu, mphemvu, ubweya wa mphaka, ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'matiresi ndi m'mabulangete. Amene amasankha fodya m'zigafa kapena kugwira ntchito m'fumbi ku Kanengo aone ngati chifuwa chimapepuka masiku amene sali kuntchito, chifukwa chimenechi ndi chizindikiro chofunika kuuza dokotala. Pambali pa tsiku limene mwabanika lembani chimene chinachitika, ndipo mukakayikira chinthu, sinthani chimodzi chokha kwa masabata angapo, monga kutulutsa mbaula panja kapena kusiya kufukiza n'kumagona mu neti, kuti muone ngati manambala asintha. Mukasintha zisanu nthawi imodzi simudzadziwa chimene chathandiza. Musafulumirenso kumana mwana mazira, mkaka, nsomba kapena mtedza pongomva za ena, pakuti chakudya chimene chimawengadi munthu chimaonetsa msanga, ndi zidzolo zoyabwa, kutupa milomo kapena kusanza, ndipo kumana mwana chakudya popanda umboni kumangomunyentcheretsa.

Chifukwa choyesera m'malo mongoganiza chinaoneka bwino pa kafukufuku wa mbaula zosatulutsa utsi wambiri amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga pakati pa ana oposa 10,000. Anthu ambiri ankayembekeza kuti chibayo chichepa mwa ana a m'mabanja olandira mbaulazo, koma zotsatira zake sizinaonetse kusiyana. Zimenezi sizikutanthauza kuti utsi ulibe vuto. Zikuonetsa kuti chinthu chomveka chanzeru sichibweretsa nthawi zonse zimene tikuyembekeza, ndipo njira yodziwira ndi kuwerenga basi.

Mankhwala ena nawonso amadzutsa mphumu. Aspirin ndi brufen amabanikitsa odwala ena, ndipo mankhwala a BP monga propranolol ndi oopsa kwa munthu wa mphumu. Ngati mankhwala aliwonse, kaya bactrim kaya penicillin, anakutulutsanipo zidzolo kapena kukutupitsani nkhope, pemphani kuti zilembedwe patsamba loyamba la buku lanu lakuchipatala. Ngati mphuno imatsekeka, kuyabwa ndi kuyetsemula kawirikawiri, nenaninso, chifukwa vuto la m'mphuno likasiyidwa limavutitsa kugonjetsa mphumu.

Bwererani kuchipatala pakatha mwezi umodzi mpaka itatu chiyambire mankhwala, mutatenga kope, ma inhela onse ndi botolo. Manambala akakhala oipa, musanapemphe mankhwala amphamvu popereni pamaso pa namwino kuti aone ngati mukuchita bwino, ndipo werengani masiku amene munadumpha yabulawuni, chifukwa nthawi zambiri vuto limakhala pamenepo. Akakhala abwino kwa miyezi itatu yotsatizana, dokotala akhoza kuchepetsa mlingo, koma musasiye nokha.

Pali nthawi imene kope liyenera kuikidwa pambali. Munthu akamalephera kumaliza chiganizo chifukwa cha befu, nthiti zikamalowa m'kati, milomo ikasintha mtundu, akayamba kuodzera kapena kusokonezeka, kapena mwana akakana kuyamwa ndi kumwa, mukhazikeni tsonga, osamugoneka, ndipo mumupopere yabuluu kudzera m'botolo kamodzikamodzi, mpaka ka 10 kwa wamkulu ndi mwana wa sukulu kapena mpaka ka 6 kwa mwana wosakwana zaka zisanu ndi chimodzi. Nyamukani nthawi yomweyo kupita ku chipatala chapafupi kapena ku Kamuzu Central, ndipo mubwereze kupopera pakatha mphindi 20 muli m'njira. M'chifuwa mukasiya kulira koma munthu akuvutikabe kupuma, musaganize kuti wachira, pakuti mpweya ndiye kuti ukulowa wochepa kwambiri.

Tsiku lina mukhoza kupemphedwa kulowa nawo m'kafukufuku, popeza Lilongwe ili ndi malo ochitira kafukufuku monga UNC Project imene ili pa Kamuzu Central. Funsani ngati kafukufukuyo anavomerezedwa ndi komiti yoona za kafukufuku ya NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo kapena ya COMREC ya ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo ngati akuyesa mankhwala, ngati bungwe loona za mankhwala la PMRA linapereka chilolezo. Pemphani chikalata chovomereza cholembedwa m'Chichewa, mukachiwerenge modekha, ndipo mufunse ngati gulu lanu lidzasankhidwa mwa maere, zovuta zimene mankhwalawo angabweretse, kumene magazi kapena makhololo anu adzasungidwe, ndi nambala yoimba mukabanika usiku. Za mwana amavomereza ndi kholo kapena womusamalira, koma mwana wamkulupo amafunsidwanso maganizo ake. Ndalama imene amapereka ndi yobwezera ulendo ndi nthawi yanu, si malipiro, ndipo muli ndi ufulu wokana kapena kutuluka nthawi iliyonse popanda kutaya chithandizo chimene mumalandira kuchipatala. Mukavomera, musasiye kapena kusintha inhela yanu yamasiku onse pokhapokha ochita kafukufukuwo atakufotokozerani chimene chilowe m'malo mwake.