Momwe mungasamukire ku yunivesite ina yapamwamba ku America digiri ili pakati

Musanalembe chilichonse, dziwani kaye kukula kwa khomo lomwe mukugogoda. Harvard imalandira ophunzira osamuka osafika 20 pa chaka, pomwe ofunsira amaposa 1,000. Princeton inasiya kulandira osamuka mu 1990 n'kudzayambiranso mu 2018, ndipo maso ake ali kwambiri pa amene anakhalapo asilikali ndi ochokera m'makoleji a zaka ziwiri. Cornell ndiye ya manja otambasuka, imatenga mazana angapo. Funsirani muli m'chaka choyamba kapena chachiwiri, chifukwa sukulu zimenezi zimafuna mudzaphunzire pawo zaka ziwiri zathunthu musanalandire digiri yawo.

Fomu yodziwika ndi ya Common App, fomu ya pa intaneti yofunsira malo m'mayunivesite ambiri, gawo la osamuka. Harvard, Yale ndi Princeton zimatseka pa 1 Malichi, Stanford ndi Cornell pa 15 Malichi, koma onaninso chaka chilichonse. Kufunsira kokha ndi madola 75 mpaka 100 sukulu iliyonse. Ngati thumba ndi lobooka pemphani kuti akuchotsereni, sizochititsa manyazi.

Mapepala ake ndi awa: zotsatira za pa yunivesite yomwe mulipo, za kusekondale (kwa ife satifiketi ya MSCE kapena ya A-Level ikufunikabe), makalata awiri a aphunzitsi a pa yunivesite, ndi College Report, yomwe amasaina a ofesi ya dini (dean, mmodzi wa akuluakulu a yunivesite) kutsimikizira kuti mulibe mlandu. Imeneyi kaperekeni kumayambiriro kwa Febuluwale, imachedwa pa tebulo. Ndipo ngati muli ndi ngongole ya fizi, sukulu zina zimakakamira zotsatira zanu mpaka mutalipira.

Pa nkhani yofotokoza chifukwa chosamukira, musanyoze sukulu yomwe mulipo. Tchulani maphunziro enieni omwe kwanuko kulibe. Aja amadzitcha alangizi, olonjeza malo mukawapatsa madola masauzande, athaweni. Nkhani yogula imamveka fungo, ndipo akakugwirani malo amalanda ngakhale mutayamba kale.

Akakulandirani musathamangire kuvomera. Funsani kaye thandizo la ndalama, poti sukulu zambiri zimaumira kwa osamuka ochokera kunja, ndipo CSS Profile, fomu yopemphera thandizolo, imafuna umboni wa zomwe makolo amapeza. Funsaninso makiredi angati, ndiye kuti maphunziro omwe mwakhoza kale, awerengedwe. Sungani silabasi ya phunziro lililonse, ndi imene amayang'ana. Giredi yochepera C kawirikawiri saiwerenga.

Kwa amene mukuphunzira kale ku America, pamene ambiri amapsa ndi pa SEVIS, kaundula wa boma wa ophunzira a viza ya F-1. Mbiri yanu imakhala m'manja mwa sukulu imodzi yokha. Mumapita ndi kalata yokulandirani kwa DSO wa sukulu yakale, mkulu woona za ophunzira akunja, n'kugwirizana tsiku loti mbiriyo itulutsidwe. Tsikulo lisanafike mutha kusintha maganizo. Likangofika, sukulu yakale ilibenso mphamvu, ndipo kubweza n'kwa thukuta. Choncho musatchule tsiku musanaone kalata ya ndalama ndi kulipira dipoziti kumene mukupitako.

Tsiku lomwelo ndi lomwe chilolezo chogwira ntchito pa sukulu yakale chimatha, kuphatikizapo CPT, chilolezo chogwira ntchito yokhudzana ndi maphunziro anu. Munthu amapeza ganyu yabwino ya patchuthi cha Juni mpaka Ogasiti, n'kuuza DSO atulutse mbiri mu Meyi mayeso atangotha. Mawa lake akapita kuntchito, waswa kale malamulo a viza osadziwa. Ngati ganyuyo mukuifuna, kankhirani tsikulo kumapeto kwake. Komanso musalole DSO kutseka mbiri m'malo moisamutsa: ikatsekedwa mumayamba ndi nambala yatsopano n'kulipiranso madola 350. Amene mukufuna kukaona abale kumudzi patchuthi, pobwerera mulowe ndi I-20 ya sukulu yatsopano, chikalata chomwe sukulu imapereka kwa wophunzira wa viza ya F-1. Viza ya mu pasipoti, ngati sinathe, imagwirabe ntchito ngakhale ili ndi dzina la sukulu yakale.

Zotsalazo n'zachidule. Muyambe maphunziro miyezi isanu isanathe chisiyireni kuphunzira kusukulu yakale, kaonekereni kwa DSO watsopano pasanathe masiku 15 kuchokera tsiku loyambira maphunziro lolembedwa pa I-20, lembani kalata yotsanzika kusukulu yakale kuti asakulipiritseni temu ina, ndipo malo ogona funsirani sabata yomwe mwavomera, chifukwa osamuka amapatsidwa zipinda zotsala.