Katundu wakale ayambe wagona padzuwa asanalowe m'nyumba

Tsiku lina ndikuyendera magulu a amayi m'dera langa, mayi wina anandikokera pambali n'kundionetsa mikono ya mwana wawo. Inali ndi timatuza tofiira tondondozana mumzere, ndipo iwo ankaganiza kuti ndi mphere. Ndinapempha kuti tilowe kuchipinda tikachotse matiresi. M'makona a bedi, momwe matabwa amalumikizana, munali timadontho takuda ngati ta inki ya bolopeni komanso timakoko toyera topyapyala. Zinali nsikidzi. Bedilo anali atagula masabata atatu m'mbuyomo kwa munthu amene ankasamuka, ndipo linali bedi labwino zedi, la mlombwa weniweni, loti amuna awiri ankalinyamula akubuula. Kugula sanalakwe ayi. Chomwe chinavuta n'chakuti analitsitsa pangolo n'kulilowetsa kuchipinda tsiku lomwelo.

Ine ndimalimbikitsa mabanja kugula katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepa. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mipando ndi makabati a m'sitolo zafika poti wapantchito wamba angoziyang'ana pawindo. Komanso zambiri zatsopanozi n'zamatabwa a utuchi womata, amene akangonyowa kamodzi amafufuma ngati chigumu, kapena za paini wocheka asanaume amene amapindika chaka chisanathe. Tebulo lomwe anakhoma mmisiri zaka 40 zapitazo kawirikawiri limakhala la mlombwa, mbawa kapena mkungudza. Mitengo imeneyi lero ndi yosowa. Mkungudza wa ku Mulanje, womwe ndi mtengo wa fuko lathu, unatsala pang'ono kutheratu m'phirimo chifukwa cha macheka ndi moto, ndipo mu 2022 mayiko a m'pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zomwe zili pangozi yakutha, anaika mlombwa ndi mbawa za mu Africa pamndandanda wa mitengo yoyenera kugulitsidwa kunja ndi chilolezo chokha. Mukakonza mpando wakale wa mbawa, mwapeza thabwa lomwe simukanalipeza kwa ocheka, ndipo palibe mtengo wagwa chifukwa cha inu.

Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukamapita kukagula, kaya ndi ku Ndirande, ku Limbe, ku Area 2 ku Lilongwe, kapena kunyumba kwa munthu amene walengeza pa Facebook kapena pa WhatsApp kuti akusamuka, pitani dzuwa lili pamutu. Tengani kampeni, foni yokhala ndi tochi, ndi chingwe chomwe mwayeza nacho kale m'lifupi mwa chitseko chanu. Ndaonapo kabati itagona pakhonde miyezi iwiri chifukwa inakana kulowa.

Mukafika musakopeke ndi pamwamba ponyezimira, poti vanishi amabisa zambiri. Gadabuzani mpandowo muone kunsi, komwe ogulitsa sapakako kanthu. Kumeneko ndiye mudzadziwa ngati lili thabwa lenileni kapena utuchi. Ugwedezeni. Mpando wogwedera chifukwa guluu anatha m'molumikizira si wokana, umenewo mudzaukonza ndi manja anu, ndipo kugwedera kwakeko ndi poyambira kunenerera mtengo. Woyenera kuukana ndi wofumbwa. Fufuzani timabowo tating'ono ngati tobaya ndi singano, gogodani pambali pake, muone ngati mukutuluka fumbi looneka ngati ufa woyera. Fumbi likamatuluka ndiye kuti tizilombo tidakali m'kati. Kanikizani nsonga ya kampeni kumapazi a mpando kapena kumsana kwa kabati. Ikalowa mosavuta, chiswe kapena chinyezi chinadya kale, ndipo ndalama zanu zisungeni. Pomaliza unikani ndi tochi m'molumikizira monse ndi m'mitu ya misomali, kufuna timadontho takuda tija.

Matiresi akale musagule, ngakhale mtengo wake utatsika chotani. Sofa wa nsalu gulani pokhapokha ngati mafupa ake ndi a thabwa labwino ndipo mwakonzeka kusupula nsalu ndi siponji yonse n'kukutira zatsopano. Ndipo funsani kumene katunduyo wachokera. Wogulitsa akamafulumira kwambiri, mtengo uli wongotaya, ndiponso akufuna mukumane kumdima, bwererani. Wopezeka ndi katundu wakuba amayankha mlandu kukhoti ngakhale atanena kuti anachita kugula.

Tsopano katundu wafika pakhomo. Asalowe. Muikeni pabwalo kapena pakhonde lakuseri, kutali ndi zogona ndi zovala. Ngati ndi bedi, limasuleni lonse chidutswa ndi chidutswa. Likwecheni ndi bulashi ndi madzi a sopo, kenako wiritsani madzi m'ketulo n'kuthira pang'onopang'ono m'ming'alu ndi m'molumikizira monse. Nsikidzi ndi mazira ake zimafa kutentha kukapitirira madigiri 50, koma kutenthako kuyenera kuzifikira komwe zabisala, n'chifukwa chake madzi otentha amathandiza kuposa kungoyanika. Matabwa akauma akulungeni m'pepala lakuda lapulasitiki, mumange bwino, muwasiye padzuwa tsiku lonse mukuwatembenuza. Miyezi ya Seputembala ndi Okutobala ndiyo yabwino pantchitoyi. Musakhutire ndi ulendo umodzi. Mazira omwe apulumuka amaswa pakatha sabata imodzi kapena masiku 10, choncho bwerezani madzi otentha aja sabata yachiwiri, ndipo usiku wina yalani nyuzipepala pansi pa katunduyo kuti m'mawa muone ngati pagwera fumbi kapena tizilombo. Masabata awiri akuoneka ambiri pamene ana akugona pamphasa bedi lili panja, koma nsikidzi zikakhazikika m'ming'alu ya khoma zimatha miyezi osadya kanthu, zikungodikira, ndipo kuzichotsa kumadya ndalama zoposa mtengo wa bedi.

Apa ndichenjeze mwamphamvu, chifukwa ndimazimva m'midzi ndi m'tauni momwe. Ena akaona nsikidzi amatenga mapilitsi ofukizira chimanga m'nkhokwe n'kuwaika kunsi kwa bedi, ena amapopera mankhwala a thonje kapena a tomato m'chipinda. Chonde musatero. Mpweya wa mapilitsi aja umapha munthu ali m'tulo, ndipo ana ndiwo amayamba. Ngati zafika pofuna mankhwala, funsani a zaumoyo a m'dera lanu akuuzeni ovomerezeka kupopera m'nyumba.

Nkhani ina yomwe ambiri saidziwa ndi ya utoto. Utoto wakale wa mafuta, makamaka wachikasu, wofiira ndi wobiriwira, nthawi zambiri umakhala ndi mtovu. Mtovu ukalowa m'thupi la mwana umaononga ubongo mwakachetechete, mwana n'kumavutika kusukulu popanda wodziwa chifukwa chake, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu womwe ndi wosavulaza. Choncho kabati yopakidwa utoto musaikweche ndi sandipepa youma ana akusewera pomwepo, ndipo musaiwaule ndi moto. Nyowetsani, palani utoto uli wonyowa, mutayala pepala pansi, mphuno ndi pakamwa mutaphimba, kenako zopalidwazo mukazikwirire kutali ndi dimba ndi chitsime. Mayi woyembekezera asagwire ntchito imeneyi. Kabedi ka mwana kapena tebulo lodyera lomwe utoto wake ukusupuka, ine ndimati lisiyeni kumsika komweko.

Thabwa likayera, ntchito yotsala ndi yokoma. Molumikizira mogwedera masulani, palani guluu wakale, pakani guluu woyera wa matabwa, bwezerani, n'kumanga zolimba ndi mphira wa chubu cha njinga mpaka mawa lake. Musakhomerepo misomali yambirimbiri, imang'amba thabwa. Kwechani ndi sandipepa ya nambala 80, kenako 120, kumalizira 220, nthawi zonse motsata mizere ya thabwa. Mlombwa ukafika pamenepa umaonetsa mizere yake yofiirira, ndipo n'zomvetsa chisoni kuukwiriranso ndi utoto. Gulani phula kwa alimi a njuchi, sungunulani gawo limodzi m'magawo atatu a mafuta a linseed a m'sitolo za zipangizo zomangira, kachitini kake kali m'madzi otentha osati pamoto penipeni. Likazizira pakani ndi kansalu, dikirani pang'ono, pukutani mpaka liwale. Mafuta ophikira musagwiritse ntchito chifukwa amadzanunkha. Tinsalu topakira tija muziyanike motambasula panja, poti mukaziunjika zili ndi mafuta a linseed zimatha kutentha n'kuyaka zokha.

Za pa kaunjika, monga makatani, mabulangete ndi nsalu za patebulo, lamulo lake ndi lomwelo. Ziyang'aneni mozitambasula padzuwa kuti muone zibowo ndi momwe zachepera mphamvu. Kunyumba zilowe m'madzi otentha ndi sopo zisanakhudzane ndi zovala zina, ziyanikidwe pachingwe osati pansi, ndipo zisitidwe mbali zonse, makamaka m'misoko momwe mumabisala nsabwe. Pa zamagetsi yang'anani kachizindikiro kakumbuyo. Magetsi athu ndi a 230V, ndiye zochokera ku Britain kapena South Africa zimagwirizana nawo, pamene za ku America za 110V kapena za ku Japan za 100V zimapsa mukangolumikiza.

Musanapite n'kumsika komwe, yambani mwasuzumira m'nyumba ya agogo kumudzi. Mabanja ambiri ali ndi tiranki yachitsulo yomwe agogo aamuna anabwera nayo kuchokera ku Joni nthawi ya Wenela (bungwe lomwe linkatenga anthu kukagwira ntchito m'migodi), makina osokera a Singer opalasa ndi phazi, simbi ya makala, nyali ya galasi, kapena wailesi ya Nzeru yomwe inasiya kulankhula kalekale. Tiranki ija mukaichotsa dzimbiri ndi bulashi yawaya n'kuipaka mafuta pang'ono, imakhala tebulo la pabalaza, m'kati mwake mukusungamo mabulangete. Dzina la agogo ngati linalembedwa pachivindikiro musalifute. Adzukulu adzafunsa kuti ameneyu anali ndani, ndipo nkhani idzayambira pomwepo. Makina a Singer musathamangire kuwasandutsa chokongoletsa. Ambiri amangofuna mafuta, lamba watsopano ndi singano, n'kuyambanso kusoka mayunifolomu. Ngati mutu wake unatheratu, miyendo yake yachitsulo ija ikanipo thabwa, mwapeza tebulo lolembera ana. Koma kumbukirani kuti zinthu izi zili ndi eni ake. Pemphani kwa agogo, kapena ngati anatisiya, khalani pansi ndi abale. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa womwalira, ndipo kupatula lamulolo, tiranki imodzi isakudanitseni ndi alongo anu.

Zokongoletsa zooneka zachikale mutha kupanganso nokha popanda kugula kanthu. Pitani kwa telala wa pamsika mupemphe zidutswa za zitenje zomwe amasesa madzulo. Ena amapereka ulere, ena amagulitsa kajumbo pamtengo wochepa. Zichapeni kaye padera, chifukwa zina zimasuluka ndipo zina zimafota, ndiye mukasoka musanachape ntchito yanu idzakwinyika. Dulani kakatoni kofanana mbali zonse, masentimita 12, kuti kakhale muyeso, n'kudula zigamba zonse motsatira kameneko. Lumikizani zigamba kukhala mizere, sitani misoko, kenako lumikizani mizereyo. Zigamba 16 zimakwana nkhope imodzi ya pilo wa pampando. Pa mitundu, ine ndimalangiza amayi kuti pakati pa zigamba zamaluwa aziikapo nsalu ya mtundu umodzi, yakuda kapena yoyera, kuti maso azipeza popumira. Tizidutswa totsala musataye. Tiduleni tikhale timizere totalika ngati chala, tengani thumba la feteleza lochapa bwino, muzilowetsa kamzere kalikonse ndi kawaya kopinda n'kumanga mfundo, mothithikana, mpaka thumba lisaonekenso. Chimenecho ndi chopondera pakhomo, ndipo ana a sitandade 5 amatha kuchipanga Loweruka masana.

Mbale zachitsulo zamaluwa zija, ngati zinasupuka m'kati mpaka dzimbiri kuoneka, musadyeremonso. Zikolekeni pakhoma kapena mubzalemo maluwa. Mtsuko wa agogo ukhoza kusungabe madzi ozizira, bola mwautsuka, muli ndi chivindikiro, mwathiramo klorini, ndipo kapu yotungira ndi imodzi yokha yosamwera.

Malichero, nsengwa ndi mikeka ya mlaza zikumapezeka lero m'makoma a mahotela ndi m'nyumba za anzathu okhala kunja, pamene ife tikuzitaya kudzala zikangong'ambika mkombero. Lichero lakale lomwe lafiira ndi utsi ndi manja limaoneka bwino kuposa latsopano, ndipo anthu oluka alipo m'midzi yathu omwe amatha kulibwezera mkombero pamtengo wochepa. Pokoleka pakhoma sakanizani akulu ndi aang'ono, ndipo khomalo likhale losachita chinyezi. Mukagula lichero latsopano kuti liwonjezere, funsani ngati nsungwi zake zinali zokhwima komanso zodulidwa m'chilimwe, poti zanthete zimafumbwa msanga. Likolekeni kukhitchini pamwamba pa moto kwa masabata angapo kuti lilowe utsi monga ankachitira amayi athu, kenako lipukuteni mwaye ndi kansalu konyowa pang'ono, liume, ndiye mukalipachike pabalaza.