Kagwiritsidwe nchito ka Copernicus Browser poyang'anira mitengo ya mangrove kumathiriro a Zambezi

Copernicus Browser ndi pulogalamu ya pa intaneti yoonetsa zithunzi za dziko zojambulidwa ndi setilaiti. Malangizo awa ndi a ana asukulu, alangizi a za usodzi ndi za nkhalango, komanso aliyense amene afuna kuona mmene gombe likusinthira pamene mtsinje wa Zambezi umathira m'nyanja yamcere ku Mozambique. Zambia ilibe gombe la nyanja yamcere, koma madzi amene amafika ku Chinde, tauni ya kumathiriroko, ndi omwewo amene amadutsa pa Livingstone ndi Chirundu. Damu ya Kariba, yomalizidwa mu 1959, ndi ya Cahora Bassa, ya mu 1974, zimagwira matope ndi kucepetsa madzi osefukira amene kale ankafika kumathiriroko. Mangrove ndi mitengo yomera m'matope a madzi amcere, ndipo m'mizu yake ndi mmene nsomba zing'onozing'ono ndi nkhanu zimakulira.

Zofunika kukhala nazo

Kompyuta ndi intaneti yosadukaduka. Foni imagwira, koma zithunzi izi zimadya bandulo, ndiponso pa foni zolemba zimapanikizana. Pulogalamuyi ndi yaulere, ndi ya bungwe la European Union. Tsegulani browser.dataspace.copernicus.eu ndi kulembetsa ndi imelo yanu kuti muzitha kusunga zithunzi.

Kupeza malo ndi tsiku

Pa bokosi lofufuzira lembani Chinde, ndipo mapu adzakufikitsani pagombe. Sankhani Sentinel-2 L2A. Zithunzi za L2A ndi zokonzedwa kale kuti nkhungu ya mumlengalenga isasokoneze mitundu. Setilaiti yoyamba ya Sentinel-2 inaponyedwa m'mwamba mu Juni 2015, conco musafune cithunzi ca caka ca m'mbuyo mwa pamenepo. Malo amodzi amajambulidwa pafupifupi masiku 5 alionse, ca m'ma 10:30 m'mawa.

Pa kalendala pali kotsetsereka kosankhira kuculuka kwa mitambo. Kabwezeni kufika pa 10 peresenti, kenako dinizani tsiku limene latsala loonekera. Kuyambira Disembala mpaka Marichi masiku oterowo ndi ocepa. Yambani ndi miyezi ya cilimwe.

Kuwerenga cithunzi

True color imaonetsa dziko monga mmene diso lingalionere muli m'ndeke. Ndi yabwino podziwira pamene muli, koma mangrove ndi udzu wa m'dambo zimaoneka zobiriwira zonse. Dinizani False color. Apa zomera zamoyo zimasanduka zofiira, cifukwa masamba amabweza kwambiri kuwala kwa infrared kumene maso athu saona. Mangrove amaoneka ofiira moderako, atatsatira timifuleni tokhotakhota ta m'mphepete mwa nyanja. Madzi oyera amada, madzi amatope amaoneka otuwa mobiriwira, mcenga umayera. Mukafuna nambala yoika mu lipoti, sankhani NDVI, muyeso wa kubiriwira kwa zomera: ikakhala pafupi ndi 1 ndiye kuti masamba ndi owirira, ikatsika pansi pa 0 nthawi zambiri ndi madzi.

Kadontho kamodzi pa cithunzi ndi malo a mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi. Bwalo la mpira limatenga timadontho pafupifupi 70. Tanthauzo lake ndi lakuti mudzaona pamene anthu agwetsa nkhalango kuti alime mpunga, koma munthu amene wadula mitengo isanu ya milimo ya nyumba simudzamuona. Nkhalango ikhoza kumapatulidwa pang'onopang'ono pansi, pamwamba ikuonekabe yofiira.

Kuyerekezera zaka ziwiri

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Ikani zithunzi ziwiri mu Compare ndi kukoka kotsetsereka kake uku ndi uku. Musanalembe kuti mitengo yatha, fufuzani zinthu ziwiri. Coyamba, zithunzizo zikhale za mwezi umodzimodzi: ca Ogasiti 2018 ciyerekezeni ndi ca Ogasiti 2023, osati ca Epulo, pamene dambo lonse limakhala lobiriwira. Caciwiri, madzi a nyanja yamcere amakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku, zimene ife ozolowera Kariba ndi Bangweulu timaiwala msanga. Ku gombe ili kusiyana kwake ndi mamita angapo. Setilaiti ikadutsa madzi atakwera, mitengo ifupiifupi imamira ndipo NDVI imagwa ngati kuti yadulidwa. Yang'anani matope a m'mphepete: ngati pa cithunzi cimodzi ali pamtunda koma pa cina aphimbika, sankhani tsiku lina.

Kuti muyese dzanja, pitani ca kumpoto ku Quelimane, kumene namondwe wa Freddy anagwera pa 11 Marichi 2023, ndipo yerekezerani cilimwe ca 2022 ndi ca 2023.

Mitambo ikakana kucoka

Sinthani kupita ku Sentinel-1. Iyi imagwiritsa nchito radar, imene imapyola mitambo ndipo imajambula ngakhale usiku. Cithunzi cake ndi cakuda ndi coyera: madzi abata amada bii, mitengo imawala. Sicokongola, koma m'nyengo ya mvula ndi cimene cimathandiza.

Posunga cithunzi, lembani m'dzina la failo malo, tsiku ndi mtundu wake, mwacitsanzo Chinde 2023 Ogasiti NDVI. Mu lipoti chulani kuti cacokera ku Copernicus Sentinel ndi caka cimene cinajambulidwa.