Kupanga Pampu Yokoka Mpweya Yomatira Mapiko a Ndege Zazing'ono

Munthu amene amapanga ndege zazing'ono zoulutsa ndi rimoti amadziwa kuti ntchito yaikulu ili pa phiko, chifukwa likapotoka ngakhale pang'ono ndegeyo imakokera mbali imodzi ulendo wonse. Njira imene ambiri amatsata ndi yodula mtima wa phiko kuchokera ku foam, chinthu chopepuka chija chimene amatchinjirizira mawailesi ndi mafiriji atsopano m'makatoni, pogwiritsa ntchito waya wotentha, kenako n'kulikuta ndi timatabwa topyapyala ta balsa kapena nsalu ya fiberglass yonyowetsedwa ndi guluu wa epoxy. Vuto limabwera pa nthawi youmitsa, pakuti chikopacho chiyenera kupanikizidwa mofanana paliponse kwa maola ambiri, pamene njerwa ndi mabuku zimene timakonda kusanjikiza pamwamba zimapsinja pokhapo pamene zakhudza. Phiko likaikidwa m'thumba la pulasitiki n'kukokamo mpweya, kupanikizako kumafika pa kona iliyonse.

Mpweya umene watizungulirawu umakankha chinthu chilichonse ndi mphamvu yokwana pafupifupi kilogalamu imodzi pa sikweya sentimita iliyonse, muyeso umene amautcha bar imodzi, ndipo sitimva kulemera kwake chifukwa umakankha mbali zonse mofanana. Tiyerekeze phiko lotalika mita imodzi, la masentimita 20 m'lifupi, ndiye kuti masikweya sentimita 2,000. Mukachotsa gawo limodzi lokha mwa magawo asanu a mpweya wa m'thumba, geji yoyezera kukokako n'kuonetsa 0.2 bar, phikolo limakhala ngati mwalisenzetsa makilogalamu 400, kulemera kwa matumba asanu ndi atatu a simenti. Apa mpamene pagona nkhani yonse: kompuresa ya firiji yakale, imene ndiyo ikhale pampu yathu yokokera mpweya, ili ndi mphamvu yoposa imene ntchitoyi ikufuna, choncho chimene mukupanga kwenikweni ndi njira yoiletsera kuti isapyole malire, ndiponso yosungira kupanikiza kofatsako usiku wonse.

Kompuresa muipeze kwa amisiri okonza mafiriji, ndipo mufunse ya firiji imene inatayidwa chifukwa cha kuboola kwa mapaipi kapena kuwola kwa thupi, osati imene mota yake inapsa. Gasi wa m'kati achotsedwe ndi mmisiriyo, amene ali ndi zida zake. Mafiriji akale kwambiri ankagwiritsa ntchito R12, gasi wowononga ozone amene mayiko anagwirizana kumusiya m'pangano la ku Montreal la 1987. Otsatira ake ali ndi R134a, ndipo ambiri atsopano ali ndi R600a amene amayaka moto. Chizindikiro cha mtundu wa gasi chimakhala pa kapepala komatidwa pa kompuresa. Mapaipi adulidwe ndi chodulira mapaipi chozungulira chija, osati sowo, chifukwa tizidutswa ta kopa tikagwera m'kati timawononga mavalavu, ndipo musiye paipi yotalika ngati chala kuti mudzapeze pogwira. Mutenge limodzi kabokosi kakuda ka m'mbali komwe muli relay yoyambitsira mota ndi chotetezera kutentha, mujambule mawaya ake pa foni musanamasule chilichonse, ndipo ponyamula musaigoneke chammbali, chifukwa pansi pake pali oyilo amene amatayika mosavuta.

Pa kompuresa pamakhala mapaipi atatu. Mukaiyatsa kwa kamphindi n'kuika chala kukamwa kwa paipi iliyonse, imodzi idzapuma mpweya kunja, kawirikawiri yowonda kwambiri, ndipo ziwiri zidzayamwa chalacho. Mwa ziwirizo, imodzi ndi yomwe amathirira gasi ku fakitale, ndipo iyenera kukhala yotsekeka kwathunthu, popinda nsonga n'kuiwotcherera ndi chitsulo chosungunula chomatira (solder). Inayo ndiyo muzikokera mpweya. Paipi yopuma ija imalavula tinthunzi ta oyilo, choncho muilumikize ku botolo laling'ono lokhala ndi kachibowo pa chivindikiro ndi kansalu m'kati, kuti oyiloyo asamagwere pa matabwa amene mukufuna kumata. Kompuresa imangidwe ndi mabawuti pa thabwa lochindikala, timiyendo take ta labala tili pompo, kuti isamanjenjemeretse tebulo.

Kuchokera pa paipi yoyamwa, chinthu choyamba ndi valavu yolola mpweya kudutsa mbali imodzi yokha, yoyang'ana ku kompuresa. Timavalavu ta pulasitiki togulitsidwa ndi zipangizo za nsomba za m'galasi timagwira ntchitoyi, ngakhale kuti tina timadontha tikadali tatsopano, motero muyese poyamwa ndi pakamwa musanakhulupirire. Popanda valavuyi, mota ikazima mpweya umabwerera kudzera mu kompuresa ndipo ukhoza kukokera oyilo m'mapaipi. Pambuyo pa valavu pakubwera thanki yosungira kukokako mota ikazima. Paipi ya PVC ya mamilimita 110, yotalika mita imodzi, yotsekedwa mbali zonse ndi zivindikiro zake zomata ndi guluu wa PVC, imasunga malita pafupifupi asanu ndi atatu ndipo ndi yokwanira. Chigubu cha pulasitiki sichingathandize, chimafwaphika ngati chitini chopondedwa, ndipo silinda yakale ya gasi wophikira musaiboole n'komwe. Boolani chivindikiro chimodzi, mulowetse timapaipi tachitsulo n'kumata ndi epoxy: kamodzi kopita ku kompuresa, kena ku geji ndi swichi yozimitsa mota, kena ku thumba. Mapaipi olumikizira akhale a khungu lochindikala, monga a petulo a galimoto a mamilimita 6, pakuti ofewa amaphwatalala n'kutseka njira. Pakati pa thanki ndi thumba muike botolo lagalasi lolimba lokhala ndi chivindikiro chachitsulo, kuti guluu amene angakokedwe atsakamire m'menemo.

Geji yabwino ndi yomwe amakaniko amayezera kukoka kwa injini ya galimoto. Zambiri zimalembedwa mu mainchi a mercury, kuyambira 0 mpaka 30, ndipo mainchi 6 ndi ofanana ndi 0.2 bar, pamene mainchi 15 ndi theka la bar. Amene muli ku Lilongwe kapena ku Blantyre, mizinda yokwera mamita opitirira 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, musadabwe singano ikalephera kupyola mainchi pafupifupi 26 ngakhale pampu ili bwinobwino, chifukwa mpweya wa kumtunda ndi wopepukirapo. Pa ntchito ya mapiko zimenezi zilibe kanthu.

Chiwalo chofunika kuchitayira nthawi ndi swichi yozimitsa ndi kuyatsa mota payokha. Kompuresa ikakhala m'firiji imaziziritsidwa ndi gasi amene amabwerera, koma pano gasiyo palibe, ndiye ikangolira osapuma kwa maola ambiri imatentha mpaka kupsa. Maswichi opangiratu alipo koma ndi odula, ndipo sirinji ya jakisoni ya mamililita 20 imagwira ntchito yomweyo. Mangani sirinjiyo mogoneka pa thabwa, kamwa yake ilumikizidwe ku thanki, moti mpweya ukamachepa ndodo yake izikokedwera m'kati. Kumchira kwa ndodoyo kolowekani sipuling'i yoikokera kunja, ndipo nsonga ina ya sipuling'iyo muimange ku bawuti yaitali yodutsa pa kachitsulo kopindika, yokhala ndi nati yoti muzitembenuza ndi zala. Pambali pa ndodo muike microswitch, kaswichi kokhala ndi kamkono kachitsulo, pamalo poti ndodo ikatuluka kunja izikankha kamkonoko, mota n'kuyaka, ikalowa m'kati izikasiya, mota n'kuzima. M'kati mwa sirinji yotere muli pafupifupi masikweya sentimita atatu, ndiye pa 0.2 bar ndodo imakokedwa ndi mphamvu yoposa pang'ono theka la kilogalamu, ndipo sipuling'i yanu ikhale ya mphamvu yoyandikira pamenepo. Kumanga nati kumawonjezera kukoka, kumasula kumachepetsa. Labala wa sirinji mumupake girisi wa silicone, osati mafuta odzola a petroleum jelly amene amatupitsa labala mpaka ndodo kukakamira.

Kukakamira pang'ono kwa ndodoyo n'kothandiza, chifukwa kumachititsa kuti mota izime singano ili pa 6, mwachitsanzo, n'kudzayakanso itatsika kufika pa 4 kapena 5, m'malo momangoyaka ndi kuzima mphindi iliyonse. Zimenezi n'zofunika chifukwa makompuresa ambiri ali ndi relay ya mtundu wa PTC imene imafuna mphindi zingapo kuti izizire isanayambitsenso mota. Mukamva kompuresa ikung'ung'udza kenako n'kulira kuti "kete" osazungulira, ndiye kuti yaitanidwa msanga, ndipo mankhwala ake ndi kutseka podontha kapena kukulitsa thanki.

Magetsi a 230 volts saseweretsa. Swichi idule waya wamoto, ikhale yolembedwa kuti imapirira mphamvu ya mota, apo ayi iziyendetsa relay ina yaikulu; mawaya onse obisika m'kabokosi ka pulasitiki kotsekeka, thupi la kompuresa lilumikizidwe ku waya wa earth, ndipo pulagi ikhale ndi fyuzi. Amene simunazolowere ntchito ya magetsi, gawo ili lokha mupatseni mmisiri.

Zonse zikalumikizidwa, pindani paipi yopita ku thumba, muyatse, mota ikazima muyang'ane singano kwa theka la ola. Ikamatsika msanga, tengani kapaipi, nsonga imodzi muike kukhutu ndipo inayo muziyendetsa pa mfundo iliyonse, mudzamva kamluzu pamene pakudontha. Thanki yosadontha imapulumutsanso phiko magetsi akazima pakati pa usiku, pakuti kupanikiza kumakhalapobe mpaka guluu atagwira.

Malire a kukoka amadalira mtundu wa foam. Yoyera ya timibulu tija ndi yofewa, ndipo musaipyoletse mainchi 5 kapena 6. Yabuluu kapena yapinki yosalala, yomwe amaika m'makoma a nyumba potchinga kuzizira, imapirira mainchi 15. Ineyo phiko langa loyamba ndinaliika m'thumba ndisanapange swichi, ndikuganiza kuti ndizizimitsa ndekha, ndipo nditapita kukamwa tiyi ndinalipeza litaphwatalala ngati chigumu, timibulu tonse tikuonekera pa balsa. Chiyambire pamenepo ndimayamba ndayesa kachidutswa kotsala ka foam yomweyo, n'kukayeza makulidwe ndisanakaike m'thumba ndiponso nditakatulutsa.

Pomata, guluu akhale epoxy wochedwa kuuma, osati resin ya polyester yomwe amakonzera maboti, chifukwa imasungunula foam. Valani magulovu, pakani guluuyo pa balsa ya milimita imodzi ndi theka, kenako mumupale ndi khadi lakale mpaka thabwalo lizingooneka lonyowa osanyezimira, popeza guluu wochuluka ndi kulemera chabe. Ngati mukukuta ndi fiberglass, nsaluyo imayalidwa pa pulasitiki yolimba ya Mylar yopakidwa phula, imene imadzasendeka n'kusiya phiko losalala. Ikani mtima wa phiko pakati pa zikopa ziwirizo, mugwirizitse ndi tepi kutsogolo, mulowetse m'thumba la pulasitiki yochindikala, ndipo m'mbali mwa phiko muyale mzere wa mapepala ofewa opukutira m'manja kufika pakamwa pa paipi, kuti pulasitiki isadzitseke yokha mpweya wa kumapeto usanatuluke. Kamwa ya thumba itsekedwe ndi tepi yomata mbali zonse kapena mastic, phala lomata lotsekera mipata.

Thumba limapanikiza koma siliwongola, ndipo phiko likalowa lopotoka limauma lopotoka. Choncho zidutswa ziwiri za foam zimene zinatsala podula, cham'munsi ndi cham'mwamba, musazitaye: goneketsani thumbalo pakati pa izo, kunja kwa pulasitiki, pa tebulo limene mwaliyeza ndi lula yachitsulo kuti ndi lathyathyathya, n'kuika thabwa ndi njerwa zingapo pamwamba. Yambani kukoka pang'onopang'ono, mukusalaza makwinya ndi dzanja, ndipo musiye kwa maola amene alembedwa pa botolo la guluu, amene kwa epoxy wochedwa amafika 24. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi guluuyu amachedwa kwambiri, ndiye ntchitoyi ichitikire m'chipinda chofunda, ndipo kaguluu kotsala m'kapu muzikayesa ndi chikhadabo musanazimitse pampu. Mukamaliza, tsekani mapaipi onse a kompuresa ndi timapulagi ta labala, chifukwa oyilo wa makompuresa a R134a amayamwa chinyezi cha mumpweya.