Mmene ndinapulumutsira ana a akalulu anga ku kuzizira

Akalulu anga ndi a mtundu waung'ono uja wa Netherland Dwarf, oweta pongowakonda. Vuto linali lakuti wamkazi akaswa m'miyezi ya June ndi July, m'mawa ndinkapeza ana ali mbwee pa waya wa pansi pa khola, atazizira, ena atafa kale. Mwana wa kalulu amabadwa wopanda ubweya, maso ali otseka, ndipo mayi wake sanyamula ana pakamwa kuwabwezera pachisa ngati mphaka. Wogwera panja ndiye kuti wapita.

Ndinayamba kulemba tsiku limene ndapititsa wamkazi kukhola la wamphongo. Bere limatenga masiku pafupifupi 31, choncho pa tsiku la 28 ndimaika bokosi la matabwa lodzaza udzu wouma. Kutsogolo kwake ndinakhomako kathabwa kotalika masentimita 10 kuti mwana amene wakakamira kubele asakokedwere panja. Mayiyo amazula yekha ubweya wa pamimba n'kuyala. Usiku ndimaphimba mbali ya mphepo ndi chiguduli.

Anthu ena amada nkhawa poona kuti mayi sakhala m'bokosi, nayamba kumukakamiza. Musatero. Kalulu amayamwitsa kamodzi kapena kawiri pa tsiku, kwa mphindi zochepa, makamaka usiku. Ine ndimangoyang'ana timimba ta ana m'mawa: ngati n'tokhuta, ndimatseka khola n'kuwasiya.

Mwana wozizira koma akupumabe ndimamufunditsa m'manja mpaka ayambe kugwedezeka, kenako ndimamubwezera pakati pa anzake. Wamphongo amakhala kwake, chifukwa wamkazi amatha kutenganso bere tsiku lomwe waswalo.