Momwe mungasankhire zida za titration poyeza asidi waukali

Mayeso a MSCE akamayandikira, masukulu a kuno ku Dedza amatumiza munthu ku Lilongwe kukagula zida za labotale, nthawi zambiri ndalama zili zochepa. Zina mwa zidazi ndi za titration, njira yoyezera mphamvu ya asidi pomusakaniza pang'onopang'ono ndi alkali, mankhwala othetsa ukali wake. Musanalembe zogula, yambani mwawerenga dzina la asidi pabotolo, chifukwa ndilo likuuzeni chida choyenera.

Asidi wa hydrochloric, sulphuric ndi nitric sawononga galasi la borosilicate, lija lolembedwa Pyrex kapena Duran. Koma hydrofluoric amadya galasi, choncho amafuna ziwiya za pulasitiki ya PTFE kapena polypropylene. Asidi ameneyu asalowe n'komwe m'labotale ya sukulu, popeza amalowerera pakhungu mpaka kufupa munthu asanamve ululu weniweni.

Chachiwiri, gulani sikelo yabwino, beaker (kapu ya m'labotale) ndi volumetric flask (botolo la khosi lalitali lokhala ndi mzere umodzi wa muyeso), chifukwa asidi wosasungunula sayenera kufika mu burette, chubu chachitali cha mizere chodonthetsera madzi moyeza. Sulphuric wa m'botolo amakhala 98%, pafupifupi 18 M (M ndi muyeso wa mphamvu ya asidi), ndipo ndi wamanata moti amatsalira m'kati mwa pipette, kachubu kotungira madzi a muyeso wake, n'kusokoneza muyeso. Mupimeni pasikelo, mumuthire pang'onopang'ono m'madzi a mu beaker, osati madzi mwa iye. Amatentha kwambiri, ndiye dikirani azizire musanamusamutsire mu flask, popeza mzere wa flask unayesedwa pa 20°C. Mphamvu ya 0.1 M ndi yokwanira pa ntchito ya m'kalasi.

Pa burette ndi pomwe ndalama yanu ipite. Tengani ya 50 ml yokhala ndi mizere ya 0.1 ml. Ya Class A imaphonya ndi 0.05 ml, ya Class B ndi 0.1 ml, ndipo kwa ana a Fomu 4 ya B ikukwanira. Chosanyengerera ndi kampopi kake: kakhale ka PTFE. Kampopi ka galasi kamafuna girizi, ndipo sodium hydroxide, alkali wa pa titration, akagonamo kamamatirira mpaka burette kusweka poyesa kutsegula.

Pipette ya 25 ml igulidwe limodzi ndi chopopera chake, mwana asayamwe ndi pakamwa. Zogwirira burette zikhale zokutidwa, pakuti nthunzi ya hydrochloric imachititsa dzimbiri chitsulo.

Magalasi oteteza maso akwane aliyense. Magolovesi a nitrile ndi abwino pa asidi wosungunula, koma nitric waukali amawaboola. Komwe mipopi imauma, ikani ndowa za madzi oyera pafupi, okwanira kutsukira diso kwa mphindi 15.