Njira Imene Mkazi Angatsate Kuti Akhale Producer wa Mafilimu a Makatuni

Mkazi amene akufuna kukhala producer wa mafilimu a makatuni ayambe wadziwa kuti ntchitoyi si yojambula zithunzi. Wotsogolera filimu ndiye amaona za nkhani ndi maonekedwe ake, pamene producer amasaka ndalama, amalemba anthu ntchito, amagawa nthawi, ndipo ndi iye amene amakafotokoza kwa eni ndalama filimu ikachedwa kapena bajeti ikapitirira. Kulemera kwa udindowu kumaoneka bwino tikawerengetsa. Sekondi imodzi ya filimu imatenga zithunzi 24, choncho filimu ya mphindi 90 imakhala ndi zithunzi 129,600, ndipo chilichonse chimadutsa m'manja mwa anthu angapo oyembekezera malipiro.

Musanyoze ntchito yapansi, chifukwa khomo lake ndi lomwelo. Katherine Sarafian analowa ku Pixar, kampani yopanga mafilimu a makatuni ya ku America, mu 1994 ngati wolongosola ndandanda ya ntchito pa Toy Story, ndipo anadzakhala producer wa Brave, imene inatuluka mu 2012. Darla K. Anderson anafika ku kampani yomweyo mu 1993, koma Oscar, mphoto yapamwamba ya mafilimu, anailandira mu 2018 ngati producer wa filimu ya Coco. Pa ntchito yoyambirirayo mumalemba zimene zagwirizanidwa pa misonkhano, mumatsatira kuti chigawo chilichonse chili ndi ndani, komanso mumakumbutsa anthu tsiku lopereka ntchito. Ambiri amaiona ngati yotumikira chabe, koma ine ndimaiona kuti ndi sukulu yeniyeni, pakuti ndi pamene mumaphunzira kuti wojambula mmodzi amatha masekondi angati pa sabata, ndipo wosadziwa zimenezi sangalembe bajeti yoona.

Chinthu chimene muyenera kuchidziwa mozama kuposa zonse ndi ndondomeko imene filimu imadutsamo. Nkhani ikalembedwa imajambulidwa mwachidule pa storyboard, ndiye kuti zithunzi zotsatizana zosonyeza mmene nkhaniyo iyendere, kenako zithunzi zimenezo zimalumikizidwa ndi mawu oyeserera kuti papangidwe animatic, imene imaonetsa filimu yonse isanakongoletsedwe. Mawu enieni a ochita sewero amajambulidwa makatuni asanayambe kuyendetsedwa, kuti milomo igwirizane ndi zolankhula. Kuwala, mitundu ndi kutulutsa zithunzi zomaliza pa makompyuta zimabwera pambuyo pake. Kusintha nkhani ikadali pa storyboard kumangotaya masiku ochepa a ojambula awiri kapena atatu, koma kuisintha makatuni atayendetsedwa kale kumataya ntchito ya miyezi ya gulu lonse. Ndiye chifukwa chake producer wanzeru amapatsa wotsogolera ufulu wochuluka wofufuta ndi kubwereza koyambirira, kenako n'kutseka nkhaniyo pa tsiku limene anapangana. Kukana pempho la wotsogolera tsikulo litadutsa n'kovuta, makamaka pamene ganizo lakelo ndi labwino, koma muphunzire kumuuza mtengo wake m'masabata ndi m'ndalama kuti asankhe yekha chimene achotse posinthana nacho.

Sungani ntchito m'malo oposa amodzi, ndipo muziyesa ngati zosungidwazo zikutsegukadi. Mu 1998 mafailo ambiri a Toy Story 2 anafufutika mwangozi, ndipo zosunga za kampani zinapezeka kuti sizinkagwira bwino ntchito. Filimuyo inapulumuka chifukwa Galyn Susman, amene ankagwirira ntchito kunyumba posamalira khanda, anali ndi kope pa kompyuta yake. Mayi yemweyo anadzakhala producer wa Lightyear ya mu 2022.

Ngati kumene muli kulibe situdiyo yoti ikulembeni ntchito, yambani ndi filimu ya mphindi ziwiri kapena zitatu. Pulogalamu ya pa kompyuta yopangira makatuni yotchedwa Blender ndi yaulere, ndipo filimu ya ku Latvia yotchedwa Flow, imene inapangidwa nayo, inapata Oscar mu 2025. Sonkhanitsani ojambula ochepa, lembani ndandanda ndi bajeti, ndipo muimalize, chifukwa opereka ndalama amakhulupirira munthu amene anamalizapo chinthu kuposa amene ali ndi malingaliro okoma okhaokha. Tsatiraninso mipata yoperekera nkhani. Malenga Mulendema wa ku Zambia anadziwika kudzera mu mpikisano wa nkhani wa Triggerfish, situdiyo ya makatuni ya ku Cape Town, mu 2015, ndipo Supa Team 4, nkhani yake ya atsikana anayi a mu Lusaka, inayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023, patatha zaka 8. Ogula ndi ogulitsa makatuni amakumana chaka ndi chaka mu June ku Annecy, ku France, ndipo bungwe la Women in Animation limalumikiza akazi ongoyamba kumene ndi anzawo odziwa ntchito kuti aziwalangiza.

Pali msampha umodzi umene umakola akazi kawirikawiri: kusenza ntchito yonse ya producer koma dzina n'kulembedwa pa udindo wocheperapo, chifukwa anthu anazolowera kuona mkazi ngati wothandizira. Musadalire lonjezo la pakamwa ngakhale lichokere kwa mnzanu. Ntchito isanayambe, pangano lolembedwa litchule udindo umene dzina lanu lidzaonekere nawo pa filimu, malipiro anu, komanso mwini wa nkhani ndi makatuni ake, ndipo mupeze loya wodziwa za umwini wa zaluso kuti aliwerenge musanasaine.